Netiweki siphunziridwa pa bolodi pokha

Pali funso limene ndimakonda kufunsa wophunzira amene wangomaliza kosi ya netiweki ya makompyuta ku yunivesite. Ndimati, "Ukalemba dzina la tsamba pa foni yako n'kudina, chimachitika n'chiyani tsambalo lisanatseguke?" Ambiri savutika. Amayala magawo 7 a OSI, ndondomeko yogawira ntchito za netiweki, kuyambira physical mpaka application, osaphonya ndi limodzi lomwe. Ena amawonjezera kuti HTTP, njira yopemphera masamba, imadutsa pa port (nambala yolozera pulogalamu pa kompyuta) 80, HTTPS, imene ndi HTTP yotetezedwa, pa 443, ndipo DNS, yomasulira dzina la tsamba kukhala adiresi, pa 53. Zonsezo n'zoona. Koma ndikafunsanso kuti, "Nanga tsambalo likakana kutseguka, uyambira pati?" maso amagwa pansi. Wina amati azimitsa rauta n'kuiyatsanso. Ndikati, "Ikakanabe?" zokamba zimathera pomwepo.

Wophunzirayo sindikumuimba mlandu. Wachita zimene anauzidwa: analoweza, analemba mayeso, anakhoza. Chimene chimandiwawa ndi kaphunzitsidwe kake. Munthu sayenera kupatsidwa malikisi a phunziro la netiweki ngati sanalembepo yekha pulogalamu yolankhula ndi kompyuta ina, ngati sanaonepo ndi maso ake mapaketi a pulogalamuyo, tizidutswa ta uthenga wake, akuyenda, ndiponso ngati sanaionepo ikufa m'manja mwake n'kufufuza chimene chaipha. Netiweki imaonetsa khalidwe lake lenileni ikawonongeka, ndipo kalasi imene imabisira wophunzira kuwonongekako yamumana theka la phunziro.

Mbiri ya phunziroli ikuchitira umboni. Pa 29 Okutobala 1969, wophunzira wina dzina lake Charley Kline anali pa kompyuta ku yunivesite ya UCLA ku America, m'labu ya Leonard Kleinrock, akufuna kulowa m'kompyuta ina ku Stanford Research Institute kudzera pa ARPANET. Ankafuna kulemba mawu akuti LOGIN. L inadutsa, O inadutsa, kenako makina a tsidya linalo anafa. Uthenga woyamba wa netiweki imene inadzabala intaneti unafika wodukiza. Steve Crocker, amene analemba RFC (chikalata chofotokoza malamulo a netiweki) yoyamba mu Epulo chaka chomwecho, anali wophunzira. Vint Cerf ndi Jon Postel analinso ophunzira pa UCLA pomwepo. Njira ya socket, chida chimene pulogalamu imatumizira ndi kulandirira mauthenga, imene pafupifupi pulogalamu iliyonse ya pa netiweki imadalira mpaka lero, inatuluka ku University of California, Berkeley, mu 4.2BSD, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mu 1983. Ntchito imeneyi inakulira m'mayunivesite, m'manja mwa anthu amene ankalemba, zikawonongeka n'kukonza, n'kulembanso. N'chifukwa chake zimandimvetsa chisoni kuona phunziro lomwelo litasanduka mndandanda wa mawu oloweza.

Tiyeni tilowe m'labu tione chimene chimachitika wophunzira akapatsidwa mpata.

Ntchito yoyamba imakhala yaing'ono. Amalemba seva imene imatsegula socket, n'kumangirira pa port ina, n'kudikira. Amalembanso client imene imalumikizana ndi sevayo n'kutumiza mawu akuti "moni". Sevayo imalandira, n'kuonetsa "moni" pa sikirini. Nkhope imawala. Ndaona anthu akuitana anzawo kuti adzaone mawu amodzi amenewa, ndipo chimwemwecho ndimachimvetsa, chifukwa makompyuta awiri alankhulana kudzera m'zimene munthu walemba ndi zala zake.

Ndiye mphunzitsi amati, "Tsopano tumiza fayilo yaikulu." Apa m'pamene sukulu imayambira. Wophunzira amaitana lamulo lotumiza la send kamodzi, n'kuitana lolandira la recv kamodzi tsidya linalo, akuyembekeza kuti fayilo yonse ifika. Imafika yodukiza. Akayesanso, imafika yodukiza pamalo ena. Akatumiza mauthenga awiri aafupi motsatizana, nthawi zina amafika ataphatikizana ngati uthenga umodzi. Amawerenga pulogalamu yake kasanu, saona cholakwa. Cholakwa chili m'mutu mwake, m'chithunzi chimene anali nacho cha TCP, njira imene imanyamula mauthengawo pa netiweki. Iye ankaganiza kuti TCP imanyamula mauthenga ngati makalata, iliyonse m'envulopu yake. Koma TCP ili ngati paipi ya madzi: imalonjeza kuti ma byte onse afika, ndipo afika m'ndondomeko imene anatumizidwira, koma sisunga malire a pamene uthenga wina wathera ndi pamene wina wayambira. Mukathira zidebe ziwiri m'paipi, kunjako kumatuluka madzi basi. Malirewo ayenera kuwaika wolemba pulogalamu, mwina potumiza kaye nambala yonena kutalika kwa uthenga, mwina poika chizindikiro kumapeto. Mfundo imeneyi ili m'buku lililonse la netiweki, m'chiganizo chimodzi, ndipo wophunzirayo anaiwerenga. Koma anaidziwa tsiku limene inamudyera madzulo onse.

Akaganiza zotumiza kutalika kwa uthenga, amakumana ndi china. Nambala ya ma byte anayi ikhoza kusungidwa kuyambira kumutu kapena kumchira, malinga ndi purosesa ya kompyutayo. Malamulo a intaneti amafuna kuti byte yaikulu itsogole, pamene makompyuta ambiri amene tili nawo amatsogoza yaing'ono. Akaiwala kutembenuza, seva imauzidwa kuti idikire uthenga wa ma byte mamiliyoni pamene watumiza 5 okha, ndipo imakhala chete kudikira zimene sizidzabwera.

Koma phunziro limene ndimaliona kukhala lalikulu kuposa onse limabwera mukazula waya. Pulogalamu ikuyenda bwinobwino, wina n'kusolola waya wa netiweki, kapena kuzimitsa Wi-Fi ya kompyuta inayo. Wophunzira amayembekeza kuti pa sikirini patuluka uthenga wonena kuti zavuta. Sipatuluka kanthu. Pulogalamu imangoima, kudikira. Palibe amene waiuza kuti mnzake wapita, chifukwa pa netiweki, mnzako amene wafa ndi mnzako amene akuchedwa kuyankha amaoneka chimodzimodzi. Ndiye amaphunzira kuika malire a nthawi yodikira. Nthawiyo ikatha, funso lina limadzuka, lovuta kwambiri: kodi uthenga wanga sunafike, kapena unafika koma yankho ndi limene lasowa panjira? Ngati uthengawo unali woti "tumiza ndalama", kuutumizanso mwachisawawa ndi kulipira kawiri. Kuusiya ndi kusalipira konse. Aliyense amene anatumizapo ndalama pa foni n'kukhala akuyang'ana kachizindikiro kozungulira, mtima uli m'mwamba, wakhalapo mbali inayo ya funso limeneli. Amene adzalembe mapulogalamu oterowo mawa ndi ophunzira amene tili nawo m'kalasi lero. Ndikufuna akumane ndi funsoli m'labu, pamene zotayika ndi mawu akuti "moni", asanakumane nalo pa ndalama za anthu.

Chida chachiwiri chimene sichiyenera kusowa ndi choonera mapaketi. Wireshark, imene Gerald Combs anayamba mu 1998 ikutchedwa Ethereal, ndi yaulere. Chimodzimodzi tcpdump. Wophunzira akaitsegula n'kuyendetsa pulogalamu yake, zimene zinali zojambula pa bolodi zimakhala zamoyo. Amaona funso la DNS likutuluka, yankho likubwera ndi adiresi. Amaona mizere itatu ija, SYN, SYN-ACK, ACK, makompyuta awiri akupatsana moni asanayambe kukambirana. Amaona fayilo yake itaduliridwa m'mapaketi osapitirira ma byte 1500 a Ethernet. Paketi ikasowa, amaona mzere wakuda wa zilembo zofiira, TCP ikutumizanso chimene chatayika. Akatumiza mawu achinsinsi pa HTTP wamba, amawawerenga poyera m'kati mwa paketi, chilembo ndi chilembo, ndipo kuyambira tsiku limenelo safunikanso kulalikiridwa za kufunika kwa TLS, njira yobisa mauthenga kuti asawerengedwe panjira. Apa mphunzitsi ayenera kunena momveka kuti izi zimachitidwa pa makina ako ndi pa netiweki imene waloledwa. Kusuzumira mauthenga a anthu ena ndi kulakwa, ndipo kuphunzitsa luso popanda kuphunzitsa malire ake ndi kusasamala.

Wina anena kuti ndikunyoza masamu ndi mfundo za m'mabuku. Ayi ndithu. Ndikuti mfundozo zimagwira mtima munthu akakhala kuti waona vuto limene zinabwera kudzathetsa. Mu Okutobala 1986, liwiro la mauthenga pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya Berkeley, malo otalikirana mayadi 400 okha, linagwa kuchoka pa ma bit 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Mawaya anali abwinobwino. Vuto linali lakuti kompyuta iliyonse, ikaona kuti paketi yake yasowa, inkatumizanso mwamphamvu, ndipo kutumizanso kumeneko kunkadzaza njira imene inali yodzaza kale. Van Jacobson, pamodzi ndi Michael Karels, anapeza mankhwala ake amene anafalitsidwa mu 1988: yamba pang'onopang'ono, onjezera liwiro zinthu zikamayenda, ndipo paketi ikasowa, bwerera m'mbuyo kwambiri. Wophunzira amene wauzidwa kuti aloweze kuyamba pang'onopang'ono kumeneku, kotchedwa slow start, amaiwala mayeso akangotha. Koma amene anapatsidwa ntchito yomanga njira yodalirika pamwamba pa UDP, imene simalonjeza kuti paketi ifika, n'kuona pulogalamu yake ikudzitsamwitsa yokha ndi mapaketi obwereza, akamva za Jacobson amamvetsera ngati wodwala amene akuuzidwa dzina la mankhwala.

Masamu ena ndi osavuta koma amasintha kaganizidwe. Kuwala m'waya wa fiber kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 10,000, kupita ndi kubwera kumatenga ma millisecond 100, ngakhale njira itakhala yowongoka ndi yopanda chotchinga. TCP imadya ulendo umodzi wotero pongopatsana moni, TLS imadyanso wina, funso lenileni lisanatumizidwe n'komwe. Ngakhale mutakulitsa paipi motani, mtunda sufupika. Wolemba pulogalamu amene sadziwa izi amalemba pulogalamu yofunsa seva mafunso 50 motsatizana, imene imathamanga pa kompyuta yake koma imakwawa kwa munthu wakutali, ndipo iye amangoti netiweki ndi yoipa. N'chifukwa cha vuto lomweli kuti QUIC, imene inakhazikitsidwa mu RFC 9000 mu 2021 ndipo HTTP/3 imayendapo, inaphatikiza moni wa kulumikizana ndi wa chitetezo kuti maulendo achepe.

Palinso nkhani ya kukhulupirira zimene zabwera pa waya. Mu Epulo 2014 dziko linamva za Heartbleed, cholakwa cha mu OpenSSL, pulogalamu imene maseva ambiri amayendetsera TLS. Mtima wa vutolo unali waung'ono mochititsa mantha. Mlendo ankatumiza uthenga waufupi koma n'kunena kuti ndi wautali, ndipo seva inkakhulupirira nambalayo osaiyeza, n'kubweza zimene zinali m'memory yake, mpaka ma kilobyte 64 pa ulendo umodzi, mmene nthawi zina munkakhala mawu achinsinsi ndi makiyi. Kumbukirani wophunzira wathu uja ndi nambala yake yonena kutalika kwa uthenga. Cholakwa chake ndi cha mtundu womwewo. Mphunzitsi amene amatenga pulogalamu ya wophunzira n'kuitumizira nambala yabodza mwadala, kuti aone ngati igwa, wamuphunzitsa chitetezo kuposa mmene masabata atatu a manotsi akanachitira.

Tsopano zifukwa zimene zimaperekedwa. Choyamba n'chakuti zipangizo n'zodula, labu ilibe ma rauta ndi ma switch okwanira. Kwa amene akuphunzira kumanga mawaya ndi kukonza makina enieniwo, vutoli ndi lenileni. Koma pa zonse zimene ndafotokoza pamwambapa, laputopu imodzi ikukwana. Adiresi ya 127.0.0.1 imalola kompyuta kulankhula ndi iyo yokha, seva ndi client zili pa makina amodzi. Linux ndi yaulere, ndipo ili ndi njira yogawira kompyuta imodzi kukhala timanetiweki tingapo, komanso chida chotchedwa netem chimene mungachiuze kuti chitaye mapaketi ena kapena chiwachedwetse mwadala. Python ndi C zili ndi socket kale. Malamulo enieni a intaneti, ma RFC, aliyense akhoza kuwawerenga osalipira. RFC 768, imene Jon Postel analemba mu 1980 kufotokoza UDP, ndi ya masamba atatu okha. Wophunzira wa chaka chachiwiri akhoza kuiwerenga yonse pa ola limodzi, n'kutsegula Wireshark, n'kupeza gawo lililonse limene wawerenga lili pamalo pake m'paketi yeniyeni.

Chachiwiri n'chakuti olemba ntchito amafuna satifiketi monga CCNA ya Cisco, kampani yopanga zipangizo za netiweki, ndiye bwanji osangophunzitsa zimenezo. Ndimalemekeza masatifiketi amenewa, ndipo amene anawapeza anakhetsa thukuta. Amaphunzitsa kugawa maadiresi, kukonza rauta, kufufuza vuto mwadongosolo, zinthu zimene digiri zina zimalephera kupereka. Wophunzira amene angathe, awatenge. Koma yunivesite ikadzichepetsa kukhala malo okonzekera mayeso a kampani imodzi, yataya ntchito yake. Malamulo olembera pa makina a kampani amasintha, makampani amakwera n'kutsika. Funso lakuti n'chifukwa chiyani njira inamangidwa motero, ndipo ikanamangidwa mwina chikanachitika n'chiyani, ndi limene limatsala, ndipo ndi la yunivesite.

Chachitatu ndimachimva kawirikawiri masiku ano: palibe amene amalembanso socket ndi manja, pali ma library, mapulogalamu olembedwa kale, ochita zonsezo, ndipo ngakhale makina anzeru zopangidwa akhoza kukulembera seva m'kamphindi. N'zoona, ndipo pa ntchito palibe chifukwa chokanira zida zimenezo. Koma zimabisa netiweki pokhapokha zinthu zikamayenda. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi 6. Lamulo limene linaperekedwa pa nthawi yokonza zinthu linadula mwangozi njira zolumikiza malo awo osungira makompyuta. Maseva awo a DNS, ataona kuti sakufikira malowo, anasiya kulengeza njira zawo pa BGP, njira imene ma netiweki amauzirana kumene maadiresi ali, monga mmene anapangidwira, ndipo dziko lonse linasowa pofunsa kuti Facebook ili kuti. Pa 24 Febuluwale 2008, Pakistan Telecom, pofuna kutseka YouTube m'dziko mwawo, inalengeza kagawo ka maadiresi a YouTube ngati kawo. Chilengezocho chinadumphira kunja, ndipo popeza rauta imasankha njira imene yatchula maadiresi mwatchutchutchu kwambiri, kagawo kakang'ono ka Pakistan, /24, kanagonjetsa gawo lalikulu la eni ake, /22, YouTube n'kusowa kwa anthu ambiri padziko kwa maola pafupifupi awiri. Masamu a subnet, ogawa maadiresi m'magawo, amene ophunzira amadandaula nawo aja ndi amene akufotokoza nkhani yonseyi. Pa tsiku lotero, library siyankha. Pamafunika munthu amene amadziwa zimene zili pansi pake, ndipo munthuyo ayenera kuti anaphunzitsidwa kwinakwake.

Chifukwa chachinayi ndi chimene ndimachimvera chisoni, ndipo sindichipeputsa. Mphunzitsi mmodzi, ophunzira mazana, semesita yaifupi. Kuchonga mapepala a "tchulani magawo 7" n'kofulumira. Kuwerenga mapulogalamu a anthu onsewo, iliyonse yolakwika mwa njira yakeyake, ndi ntchito yotopetsa, ndipo aphunzitsi athu ambiri ali kale ndi katundu wopitirira mutu. Komabe phunziro la netiweki lili ndi mwayi umene maphunziro ena alibe: pulogalamu ya pa netiweki ikhoza kuyesedwa ndi pulogalamu inzake. Mphunzitsi alembe seva imodzi yovuta dala, yoyankha modukiza, yochedwa, yodula kukambirana pakati, yotumiza nambala zabodza. Client ya wophunzira aliyense ilankhule nayo, ndipo imene yapirira yakhoza. Kuikonza koyamba n'kolemetsa, koma imagwira ntchito zaka zambiri. Ndipo akuluakulu a mayunivesite ayenera kuwerengera nthawi ya labu ngati ntchito yeniyeni ya mphunzitsi, n'kumupatsa omuthandiza, m'malo momusiya yekha kenako n'kudabwa kuti wabwerera ku manotsi.

Za OSI, sindikuti ichotsedwe. Kuganiza m'magawo n'kothandiza pofufuza vuto: kodi waya uli bwino, kodi adiresi ilipo, kodi njira ilipo, kodi dzina likumasuliridwa, kodi seva ikumvetsera. Koma ophunzira auzidwe zoona, kuti ndondomeko ya OSI inavomerezedwa ndi bungwe la miyezo la ISO mu 1984, pamene ARPANET inali itasamukira kale ku TCP/IP pa 1 Januwale 1983, ndipo intaneti imene tikugwiritsa ntchito inamangidwa pa TCP/IP. Sabata imodzi ikukwana. Masabata otsalawo apite kumene kuli mapaketi.

Inu ophunzira, musadikire kuti silabasi isinthe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembani seva ya macheza yoti anthu atatu alankhulane nthawi imodzi, muone mmene ivutikire munthu wachiwiri akangolowa. Yendetsani traceroute, muwerenge ma rauta amene paketi yanu imadutsa isanafike. Lembani pamanja funso la HTTP, mzere ndi mzere, mulitumize ku seva yanu. Pulogalamu ikaima osanena kanthu, musathamangire kukopera ya mnzanu. Tsegulani Wireshark, muyang'ane paketi yomaliza imene inatuluka, mudzifunse kuti ndani akudikira ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi kudekha koteroko ndi kumene anthu amalipidwa nako.

Ndikanapatsidwa mpata wolemba mayeso omaliza a kosi imeneyi, funso lalikulu likanakhala limodzi. Wophunzira aliyense ndikanamupatsa fayilo ya mapaketi ojambulidwa pa netiweki imene munthu wina akulephera kutsegula tsamba. M'fayilo ina DNS sikuyankha. Mu ina SYN ikutuluka katatu popanda SYN-ACK. Mu ina zonse zikuyamba bwino, koma mapaketi aakulu okha ndi amene akusowa panjira. Pansi pake ndikanalemba kuti: fotokoza chimene chavuta, sonyeza paketi imene ikukuchitira umboni, ndipo unene amene ungamuimbire foni kuti akonze.